Vinyo wosamwedwa: mmene botolo lidasandukira mpamba

Pa 5 Disembala 1985, m'chipinda cha okushoni cha Christie's mumzinda wa London, maso a anthu onse adali pa botolo limodzi lakale. Lidalibe chipepala cha dzina ngati mabotolo ena. Pagalasi pake padangozokotedwa chaka cha 1787, dzina loti Lafitte ndi zilembo zoti Th.J. Mwini wake, Hardy Rodenstock wa ku Germany, ankati botololo lidali la Thomas Jefferson, mtsogoleri wachitatu wa dziko la America, yemwe adakhalapo kazembe ku Paris ndipo ankakonda vinyo wa ku Bordeaux.

Pomwe Michael Broadbent, woyendetsa okushoniyo, ankamenya kanyundo kake, mtengo udali utafika mapaundi 105,000. Wogula adali Christopher Forbes, wa kubanja la eni magazini ya Forbes. Botololo adakaliika poonetsera anthu ku New York, pansi pa nyali zowala. Kutentha kwa nyalizo kudaumitsa chotsekera chake mpaka chidagwera m'kati mwa vinyo. Chakumwa chidathera pompo, palibe adalawako n'dontho lomwe.

Kuti munthu amvetse mmene madzi a mphesa adafikira pa mtengo wogula nyumba, ayambire ku Bordeaux, doko la kumwera chakumadzulo kwa France. Mu 1152, Eleanor wa ku Aquitaine adakwatiwa ndi Henry, yemwe patangopita zaka ziwiri adalongedwa ufumu wa England. Ukwatiwo udaika Bordeaux m'manja mwa Angelezi kwa zaka pafupifupi 300, ndipo zombo zidayamba kututa migolo ya vinyo kupita ku London. Ulamuliro udatha, koma mkamwa mwa Angelezi mudali mutazolowera. Mabanja olemera adaphunzira kugula vinyo akadali wamng'ono n'kumusunga m'zipinda zozizira za pansi pa nyumba. Ena ankagula mabokosi awiri, lina lomwa, lina lodzagulitsa mtengo ukakwera kuti libweze ndalama za onse awiri.

Chomwe chidapatsa malondawa msana ndi chikalata chimodzi. Mu 1855, Mfumu Napoleon III idakonza chionetsero chachikulu cha malonda ku Paris ndipo idafuna kuti vinyo wa ku Bordeaux akaonetsedwe mwa dongosolo. Bungwe la amalonda mumzindawo lidapereka ntchitoyo kwa amkhalapakati a msika wa vinyo. Iwo sadataye nthawi n'kulawa. Adatsegula mabuku awo a mitengo ya zaka zambiri, n'kugawa minda m'magulu asanu molingana ndi ndalama zomwe vinyo wake ankagulidwa. Pamwamba padakhala mayina anayi: Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion.

Mndandanda wokonzera chionetsero cha miyezi yochepa udakhala ngati lamulo losemedwa pamwala. Kusintha kwakukulu kudachitika kamodzi kokha, mu 1973, pomwe Mouton Rothschild adakwezedwa kulowa m'gulu loyamba, Baron Philippe de Rothschild atalimbana nazo kwa zaka makumi angapo. Yemwe adasaina chikalatacho adali nduna ya zaulimi ya nthawiyo, Jacques Chirac. Kunena zoona, mndandandawu suchitira chilungamo alimi omwe adakonza minda yawo pambuyo pa 1855. Koma kwa munthu wofuna kusungitsa ndalama, kusasintha kwakeko ndiko kokoma: dzina lomwe agula lero adzalipeza pomwepo mawa.

Chifukwa chokwerera mtengo n'chosavuta kumva. Munda sukula. Munda wa Romanée-Conti ku Burgundy ndi wa mahekitala 1.8 basi, ndipo pa chaka umatulutsa mabotolo masauzande ochepa. Vinyo wabwino amanka nakoma kwa zaka 20, 30 kapena kuposerapo. Ndipo botolo lililonse lotsegulidwa limachepetsa otsala a chaka chimenecho mpaka kalekale.

Ku Bordeaux kuli kagulitsidwe kena kotchedwa en primeur, komwe kwathu kuno tikadati kugula mbereko mwana asanabadwe. Chaka chilichonse mu Epulo, amalonda ndi akatswiri olawa amakhamukira kuminda kukalawa vinyo wa mphesa zothyoledwa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, akadali mumigolo, wowawasa komanso wokhakhala pa lilime. Amamuzunguza m'tambula, kununkhiza, kuchukucha mkamwa n'kulavula, kenaka kulemba. Wogula amalipiriratu, mabotolo n'kudzawalandira patatha zaka pafupifupi ziwiri.

Apa mpomwe padatulukira Robert Parker, loya wa ku Maryland yemwe mu 1978 adayambitsa kanyuzi kotchedwa The Wine Advocate. Iye ankapereka malikisi kwa vinyo ngati mphunzitsi, apamwamba kwambiri kukhala 100. Atalawa vinyo wa 1982 mumigolo, adauza owerenga ake kuti agule mosaumira, pomwe olawa ena otchuka ankakayika. Omwe adamumvera adapha makwacha. Kuyambira pamenepo, munthu wosadziwa n'komwe fungo la vinyo adatha kulowa m'malondawa poyang'ana nambala yokha, ndipo eni minda ena ankadikira malikisi a Parker asanatchule mtengo.

Cha m'ma 2000, anthu awiri omwe kale ankagwira ntchito pamsika wa masheya, James Miles ndi Justin Gibbs, adakhazikitsa Liv-ex ku London, msika wa pa intaneti pomwe amalonda amaona mitengo ya vinyo ikukwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku. Vinyo weniweniyo sasuntha. Wambiri amagona m'nkhokwe zomwe katundu salipira msonkho mpaka atatuluka, monga ya Octavian ku Corsham, mgodi wakale wa miyala womwe udasungako zida za nkhondo. Pansi pamenepo, mumdima ndi chisanu chosasintha, bokosi lamatabwa losakhomolapo msomali litha kusintha eni kasanu lili pamalo amodzi. Mwini wake mwina sadzaliona ndi maso.

Kenaka kudabwera China. Mu Febuluwale 2008, boma la Hong Kong lidachotsa msonkho wonse pa vinyo, ndipo makampani a okushoni adathamangira komweko. Mpondamatiki wa ku China ankafuna dzina limodzi, Lafite, loti akapereke mphatso kwa bwana kapena mnzake wa bizinesi. Eni mundawo adazindikira msanga: pa mabotolo a 2008 adalembapo nambala 8 m'chilembo cha Chitchaina, nambala yomwe kumeneko amati ndi yamwayi. Mu Okutobala 2010, ku Sotheby's ya ku Hong Kong, mabotolo atatu a Lafite wa 1869 adagulidwa pa mtengo woposa madola 230,000 lililonse.

Chisangalalocho sichidakhalitse. Pakati pa 2011 mitengo ya Bordeaux idayamba kutsetsereka, ndipo boma la Xi Jinping litakhwimitsa nkhondo yolimbana ndi katangale, mphatso zamtengo wapatali zidasanduka zoopsa kulandira. Ambiri omwe adagula vinyo wa 2010 mumigolo pa mitengo yoboola m'thumba adakhala zaka asanabweze mpamba wawo. Mu 2012, Latour idalengeza kuti yasiya kugulitsa vinyo akadali mumigolo.

Bala lalikulu la malondawa ndi chinyengo, chifukwa katundu wosatsegulidwa ngovuta kumutsimikiza. Bill Koch, khumutcha wa ku America, adagula mabotolo ena anayi a Th.J., ochokeranso kwa Rodenstock, mu 1988 pa ndalama pafupifupi theka la miliyoni ya madola. Patatha zaka, osunga mbiri ya Jefferson kunyumba yake yakale ya Monticello adati m'mabuku ake, momwe ankalembamo chilichonse chomwe wagula, mulibe umboni wa mabotolowo. Akatswiri omwe Koch adawalemba ntchito adapeza kuti zilembo zija zidazokotedwa ndi chida chamagetsi. Rodenstock adakana mlanduwo mpaka imfa yake mu 2018.

Wachinyengo wina adali Rudy Kurniawan, mnyamata wa ku Indonesia wokhala ku California, yemwe ankamwaza ndalama m'maokushoni ngati mankhusu. Mu Epulo 2008, mlimi wa ku Burgundy, Laurent Ponsot, adamva kuti ku New York kugulitsidwa vinyo wa banja lake wa Clos Saint-Denis wa zaka zoyambira 1945. Iye ankadziwa kuti banjalo lidayamba kupanga vinyo ameneyo mu 1982. Adakwera ndege, n'kukakhala m'chipinda cha okushoni mpaka mabotolowo atachotsedwa. Adali ochokera kwa Kurniawan. Apolisi a FBI atalowa m'nyumba ya Kurniawan mu Marichi 2012, adapeza mabotolo akale akunyikidwa m'sinki kuti zipepala zimatuke, milu ya zipepala zosindikiza za mayina otchuka, zotsekera ndi phula. Adagamulidwa kukhala m'ndende zaka 10. Mabotolo ake ambiri akadali m'nkhokwe za anthu.

N'chifukwa chake lero ogula amafunsa kaye komwe botolo lakhala likugona moyo wake wonse. Mu Okutobala 2018, botolo la Romanée-Conti wa 1945, limodzi mwa 600 okha a chaka chimenecho, lidagulidwa madola 558,000 ku Sotheby's ya ku New York. Lidachokera m'nkhokwe ya Robert Drouhin, wamalonda wodziwika wa ku Burgundy konko, ndipo ulendo wake udali wosakayikitsa.

Kuyambira kumapeto kwa 2022 mitengo ya vinyo wapamwamba idayambanso kutsika, chiwongoladzanja chitakwera m'mabanki a maiko olemera. Koma omwe zawathina kwambiri si ogula Lafite ayi. Ndi alimi masauzande a ku Bordeaux omwe mayina awo sali pa chikalata cha 1855, omwe vinyo wawo ndi wakumwa pachakudya, ndipo akumwa ake akunka nachepa. Mu 2023 boma la France lidagwirizana ndi bungwe la eni minda kuti mlimi wovomera kuzula mphesa zake azilandira mayuro 6,000 pa hekitala. Mathirakitala adalowa m'minda, ndipo zitsa za mphesa zomwe adadzala agogo awo zidaunjikidwa m'mphepete mwa misewu, makilomita ochepa kuchokera pazipata za Margaux.