Mkungudza wa ku Mulanje ndi munda wa maluwa wa ku Zomba

Pa Fort Lister, mpata wolekanitsa phiri la Michesi ndi la Mulanje, pali mabwinja a linga lomwe atsamunda adamanga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogula akapolo. Zaka ziwiri linga lisanamangidwe, mu 1891, mzungu wina wodziwa za zomera, Alexander Whyte, adakwera phiri la Mulanje n'kutsika ndi nthambi za mkungudza. Akatswiri ku London adaupatsa dzina la Widdringtonia whytei, ngati kuti eni phiri analibe dzina lawolawo.

Whyte amagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ku Zomba, ndipo kumeneko ndi komwe adayala munda wa mitengo ndi maluwa m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Derali silidali tchire. John Buchanan, yemwe adachotsedwa ku mishoni ya Blantyre mu 1881, adali atatsegulako kale minda ya khofi ndi nzimbe, ndipo ndi iye adamanga nyumba yomwe Johnston adadzakhalamo. Munda wa Whyte poyamba sudali wopumulirako mphepo ayi: kudali kuyesa mbewu zoti zibweretsere boma ndalama. Lero ophunzira a ku yunivesite amakawerengera pamthunzi pake, akwati n'kumakajambulitsa zithunzi. Akuuyang'anira ndi a National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1987.

Kwawo kwa mkungudza nkhani idayenda mwina. Nkhalango ya Mulanje idatetezedwa ndi lamulo mu 1927, ndipo mu 1984 mtengowu udalengezedwa kukhala wa fuko. Macheka sadamve zimenezo. Thabwa lake chiswe sichidya, pamadzi siliwola msanga, choncho amisiri a mabwato ndi a zitseko ankalifuna usana ndi usiku. Anyamata a ku Phalombe ndi ku Mulanje ankatsika nawo matabwa pamutu, phindu lenileni n'kumapita kwa ena m'tauni. Kalembera wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse.

Choseketsa, kapena chomvetsa chisoni, n'chakuti mkungudza womwe udadzalidwa paphiri la Zomba nthawi ya atsamunda ndiwo ukupereka njere zobwezeretsera nkhalango kwawo. Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi midzi yozungulira phirili adzala mbande zikwizikwi, koma chilimwe chilichonse moto wa osaka nyama umapsereza zambiri zisanafike m'chiuno.