Ewa Juszkiewicz

Ewa Juszkiewicz ndi mayi wa ku Poland wojambula zithunzi ndi penti. Anabadwa mu 1984 mumzinda wa Gdańsk ndipo amakhala komanso kugwira ntchito ku Warsaw. Luso lojambula analiphunzira kusukulu zaukachenjede za zaluso ku Gdańsk ndi ku Kraków. Amadziwika chifukwa chojambulanso zithunzi zakale za akazi a ku Ulaya, makamaka za m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, koma atabisa nkhope zawo.

Kajambulidwe kake

Juszkiewicz amajambula pachinsalu ndi penti wa mafuta. Amasankha chithunzi chakale n'kutsanzira mosamala kakhalidwe ka mkaziyo, kaikidwe ka manja, mikanda ya m'khosi ndi kunyezimira kwa diresi la silika. Pentiyo amamupaka mopyapyala kambirimbiri mpaka chithunzi chisalale, osaoneka m'mene burashi inadutsa, monga ankachitira akatswiri akale.

Kusintha kumabwera akafika pamutu. Pamalo pa maso, mphuno ndi milomo pamakhala nsalu yokulungidwa mpaka kukhosi, tsitsi lolukidwa lozungulira mutu wonse, masamba, maluwa kapena bowa. Zobisa nkhopezi amazijambula mwaluso lofanana ndi la diresi, choncho munthu amayamba wakopeka ndi kukongola kwake, kenako n'kudzidzimuka kuti palibe maso omuyang'ana.

Zithunzi zake zambiri zilibe dzina lakelake. Zimangotchula wojambula amene wamutsanzira, monga Anton Graff, Alexander Roslin, Adélaïde Labille-Guiard ndi Élisabeth Vigée Le Brun.

Chifukwa chobisira nkhope

M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, mabanja olemera ndiwo ankalipira wojambula kuti ajambule mkazi kapena mwana wawo wamkazi. Mwamuna ankajambulidwa ndi zinthu zosonyeza udindo wake, monga yunifolomu, mabuku kapena lupanga. Mkazi ankayenera kuoneka wofatsa, wa khungu losalala ndi masaya ofiirira, akumwetulira pang'ono. Zotsatira zake, akazi ambiri a m'zithunzizo amafanana ngati a bere limodzi, ndipo chimene chimaonekera kwambiri ndi chuma cha banja osati khalidwe la munthuyo.

Pochotsa nkhope, Juszkiewicz amasonyeza kuti nkhope yojambulidwa motero inali kale chophimba. Tsitsi ndi nsalu, zomwe zinkayenera kukhala m'malo mwake mwadongosolo, m'zithunzi zake zimakula mosalamulirika n'kulanda malo a nkhope.

Juszkiewicz amalemekezanso akazi amene ankajambula pa nthawiyo. Vigée Le Brun, yemwe ankajambula Mfumukazi Marie Antoinette ya ku France, ndi Labille-Guiard analoledwa kulowa m'bungwe lachifumu la ojambula ku Paris tsiku limodzi mu 1783, pamene bungwelo linkalola akazi anayi okha.

Zionetsero

Ntchito zake zimaonetsedwa ndi kugulitsidwa kudzera ku Gagosian ndi Almine Rech, makampani odziwika pa malonda a zojambulajambula. Kumapeto kwa 2020, Gagosian inaonetsa zithunzi zake ku New York. Mu 2023 anali mmodzi mwa aluso amene anakongoletsa chikwama cha Capucines cha kampani ya Louis Vuitton. Mu 2024 zithunzi zake zinaonetsedwa ku Palazzo Cavanis mumzinda wa Venice, pa nthawi ya chionetsero cha nambala 60 cha Venice Biennale. Amene anakonza chionetsero chakecho ndi Guillermo Solana wa ku nyumba yosungiramo zojambula ya Thyssen-Bornemisza ku Madrid.