Albert Gleizes ndi Funso la Zithunzi za m'Tchalitchi

M'chaka cha 1911, pa chionetsero cha Salon des Indépendants ku Paris, anthu anaima kukamwa kuli yasa poona zithunzi za anyamata angapo. Munthu, mtengo ndi nyumba zinali zitagaŵidwa m'zidutswa zangodyangodya, monga ngati wojambulayo wachizungulira chinthucho nachiona mbali zonse nthaŵi imodzi. Kajambulidweko kanatchedwa Cubisme. Mmodzi wa anyamatawo anali Albert Gleizes, wobadwira ku Paris mu 1881, amene mu 1912 analemba pamodzi ndi Jean Metzinger buku lotchuka lofotokoza njirayi.

Ife amene tinadutsa m'maphunziro a filosofi tilizindikira msanga funso lake: kodi choona cha chinthu chili m'maonekedwe ake, kapena m'chimene chimachigwirizanitsa mkati? Funso lotere silimsiya munthu pamene linampeza. Mu 1918, ali ku America, Gleizes anaulula kwa mkazi wake Juliette Roche kuti wayamba kukhulupirira Mulungu. Mu 1927 anakhazikitsa mudzi wa amisiri wa Moly-Sabata m'mphepete mwa mtsinje wa Rhône, ndipo mu 1941 anadzipereka kwathunthu mu Eklezia Katolika. Atakalamba anagoba pa chitsulo zithunzi 57 zosindikizira m'buku la Pascal la Pensées, najambulanso Ukaristia m'tchalitchi cha Ajezwiti ku Chantilly mu 1952. Anamwalira mu 1953.

Komatu Eklezia wa ku France sanamlandire ndi manja aŵiri. Bambo Marie-Alain Couturier, Mdominiko, ankaphunzitsa kuti katswiri wopanda chikhulupiriro aposa mkhristu wopanda luso. Nchifukwa chake anakondwera ndi Matisse ku Vence ndi Léger ku Audincourt. Gleizes anatsutsa. Kwa iye chithunzi chopatulika chimabadwa pakati pa anthu opemphera ndi ogwira ntchito ya manja pamodzi. Ine ndiona kuti Couturier anapambana pa kukongola, koma Gleizes anagwira fundo yozama koposa.

Nkhaniyi yandibwerera poyendera matchalitchi aang'ono kuno ku Mkhumba, m'mene pakhoma pamapachikidwa chithunzi cha pepala chochokera ku Ulaya, chofwifwa ndi dzuŵa. Ku Mua, Bambo Claude Boucher, ngakhale sanali wa Cubisme, anayenda njira yofanana ndi ya Gleizes: mu 1976 anatsegula Kungoni, nasonkhanitsa osema a m'midzi yozungulira, ndipo Khristu ndi Maria anayamba kutuluka m'mitengo ya dziko lino ali ndi nkhope zathu.