Klatchi ndi kiki ya njinga yamoto

Klatchi ndi kiki ndi zipangizo ziwiri za pa injini ya njinga yamoto. Klatchi imalumikiza kapena kulekanitsa injini ndi magiya, pomwe kiki ndi chitsulo chimene woyendetsa amaponda kuti injini ilire. Kampani ya Scott ya ku England ndi imene imatchulidwa kuti inayamba kuika kiki pa njinga zake, cha m'ma 1910. Pa njinga zazing'ono zambiri mphamvu ya kiki imadutsa mu klatchi, motero vuto looneka ngati la kiki nthawi zina limakhala la klatchi.

Kagwiridwe ka ntchito

Klatchi ya njinga zazing'ono imakhala ndi mapuleti angapo osanjikizana mosinthana, ena achitsulo chokhachokha, ena okutidwa ndi zinthu zokhakhala. Mapuletiwa amakhala mu oyilo wa injini ndipo masipuling'i amawapanikiza pamodzi. Woyendetsa akakoka chogwirira cha kumanzere, kebulo imamasula mapuletiwo ndipo injini imazungulira osakoka tayala.

Kiki ilipo ya mitundu iwiri. Pa njinga ngati Yamaha DT, kiki imazunguza injini mosadalira mapuleti a klatchi, choncho munthu angathe kuliza njinga ili m'giya, bola atakoka klatchi. Pa injini zambiri zotengera kapangidwe ka Honda Super Cub ya mu 1958, kiki imayamba yazunguza magiya, kenako klatchi, pomaliza injini. Njinga yotere imalizidwa ili pa nyutulo.

Mavuto a klatchi

Klatchi ikamatsetsereka, injini imakwera phokoso koma njinga siwonjezera liwiro, makamaka pa chitunda kapena ikanyamula katundu. Zimene zimachititsa ndi kebulo yokungika kwambiri, mapuleti operepeseka, masipuling'i ofooka, kapena oyilo wosayenera. Oyilo wina wa galimoto amakhala ndi mankhwala oterera amene amalepheretsa mapuleti kugwirana. Wa njinga yamoto amakhala ndi chizindikiro cha JASO MA, muyezo wa ku Japan umene unakhazikitsidwa mu 1998.

Vuto lina ndi la klatchi yosamasuka bwino. Njinga imafuna kuyenda ngakhale chogwirira chakokedwa, giya imalowa mogunda ndipo nyutulo imavuta kupeza. Apa kebulo imakhala yalobodoka kapena mapuleti achitsulo apindika ndi kutentha. Pa njinga zambiri za Honda, nsonga ya chogwirira imayenera kuyenda mamilimita 10 mpaka 20 kebulo isanayambe kukoka. Kukonza zimenezi sikufuna kutsegula injini, n'chifukwa chake amakaniko amayambira pamenepa.

Mavuto a kiki

Kiki yosabwerera m'mwamba imasonyeza kuti sipuling'i yake yaduka kapena yaguluka. Bawuti yomangira chopondera ikamasuka, mano a pa shafuti amatha ndipo chopondera chimangozungulira chokha. Ena amachiwotcherera ku shafuti, koma akatero chivundikiro cha injini sichichokanso popanda kudula chitsulo. Kiki ikakana kutsika, pisitoni ingakhale itagwira chifukwa chosowa oyilo, kapena madzi alowa m'injini powoloka mtsinje; kuiponda mokakamiza kumathyola magiya kapena kupinda zitsulo za mkati. Kiki yobwerera mwamphamvu, imene ingavulaze kakolo, imachitika kawirikawiri moto wa pulagi ukamayaka nthawi yake isanakwane.

Kusiyanitsa mavuto awiriwa

Kiki ikamatsika mopepuka injini osalira, makaniko amazimitsa kiyi, kuchotsa pulagi, kutseka bowo lake ndi chala, n'kukankha kiki ndi dzanja. Mpweya ukakankha chala, ndiye kuti kiki ikuzunguza injini ndipo vuto lili kwina. Pakakhala zii, pa injini ya mtundu wachiwiri uja amabwezera pulagi, kulowetsa giya n'kukankha njinga. Tayala likamayenda injini osakaniza, klatchi ndiyo ikutsetsereka, ndipo kugula zida zatsopano za kiki n'kungotaya ndalama.

M'misewu ya m'mapiri

Ku Malawi njinga zazing'ono zimagwira ntchito ya kabaza komanso zimayendetsa alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo. Msewu wina woyesa klatchi ndi wa pa mpata wa Fort Lister m'boma la Phalombe, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese, pamene Angerezi anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo. Msewuwu ndi wokwera komanso wamiyala. Woyendetsa akamakwera ndi giya yapamwamba, klatchi atangoikoka theka, mapuleti amatentha n'kutha msanga. Kulowetsa giya yotsika chitunda chisanayambe ndi kuisiyiratu klatchi kumawasunga. M'nyengo ya dzinja madzi amalowa mu oyilo, amene amasanduka ngati mkaka, ndipo ayenera kusinthidwa msanga.

Pa njinga ya kiki yodutsa mu klatchi, mapuleti akatheratu ngakhale kuikankha sikuiliza, pakuti tayala nalo limafika ku injini kudzera mu klatchi yomweyo. Ikazima pakati pa njira, kutali ndi makaniko, wodwala kapena katundu amene yanyamula amatsala pomwepo.