Mwini Luso Ndani? Phunziro la Kugombe la Mangochi

Aliyense amene wayendapo pa mseu wochoka ku Mangochi kupita ku Monkey Bay ndi ku Chembe waona amisiri atayala ziboliboli zawo. Pali mvuu, nsomba, bawo ndi mipando ya mafumu, zosemedwa mu phingo ndi mlombwa. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti mvuu ya mmisiri uyu ikufanana ndi ya mnzake. Kodi anayamba ndani, nanga wotsanzirayo ndi wakuba? Funso limeneli ndi lakale pa gombe lino.

Chisanadze chitsamunda, mnyamata ankaphunzira kusema bwato pokhala pambali pa amalume ake, kasemasema ali m'manja. Panalibe chikalata, panalibenso malipiro a ndalama. Mangaŵa a wophunzira anali ulemu: akafunsidwa, ankatchula amene anamuphunzitsa. Akuluakulu ankati kupatsa nkuika.

Luso lina linachokera kutali. M'zaka za m'ma 1800, amalonda a Chiswahili anabweretsa kamangidwe ka zombo za matanga, ndipo mafumu a Chiyao monga Makanjira anakhala ndi zombo zawozawo. Zombozo zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo. Mu 1891, chaka chimene anamanga linga la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, msilikali Cecil Maguire anaphedwa akuononga zombo za Makanjira. Malonda oipawo anatha, koma nzeru yolumikiza matabwa inatsala m'manja mwa anthu a kunyanja, ndipo palibe anaitcha yake yekha.

Zinthu zinasintha pamene luso linasanduka malonda. Alendo odzaona nyanja atachuluka, chosema chatsopano chikagulidwa lero, maŵa lake chinkapezeka kwa amisiri khumi. Woyambitsa, amene anasinkhasinkha masiku ambiri, ankagulitsa pa mtengo womwewo ndi wotsanzira. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a luso a KuNgoni mu 1976, kumene amisiri anaphunzira pamodzi, aliyense akulimbikitsidwa kupeza dzanja lakelake.

Lamulo linabwera pambuyo. Mu 1989 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza umwini wa luso. Mu 1991 dziko la Malaŵi linaloŵa m'pangano la maiko la Berne, ndipo mu 1992 bungwe la COSOMA linayamba ntchito. Lamulo latsopano la mu 2016 linaloŵa m'malo mwa lakalelo. Mfundo ziŵiri n'zofunika kuzidziŵa. Yoyamba: lamulo siliteteza ganizo, koma mmene mmisiri waliumbira. Aliyense angaseme mvuu, koma sangatenge mvuu ya mnzake ndendende nkumati njake. Yachiŵiri: luso la makolo, limene mwini wake sadziŵika, lamulo la 1989 linaliika m'manja mwa Boma kuti lilisunge m'malo mwa Amalaŵi onse.

Lero wotsanzira safunikanso kasemasema. Chithunzi chimodzi cha pa foni chifika ku Johannesburg dzuŵa lisanaloŵe. Pa intaneti, okonda luso amajambula zifaniziro pa kompyuta nkumagaŵana mwaulere, ndipo ena amaziumba ndi makina. Ambiri amagwiritsa ntchito zilolezo za Creative Commons, bungwe limene linayamba ku America mu 2001. Mwini luso amanena yekha malire: tengani, koma mutchule dzina langa, kapena tengani, koma musagulitse. Chaulere, tsono, sichitanthauza chopanda mwini. Wopereka amakhalabe mwini, ndipo wophwanya malirewo walakwira lamulo.

Taonani, omvera, mmene mfundo imeneyi ikufananira ndi mwambo wa pansi pa mtengo paja, pamene wophunzira ankatchula mphunzitsi wake. Kusiyana kwake nkwakuti kumudzi onse ankadziŵana, ndipo wobisa mphunzitsi ankachita manyazi. Pa intaneti wotenga ndi wopereka sadzaonana maso.

Choncho mmisiri wa ku Chembe aleme dzina lake pansi pa chosema, asunge zithunzi za ntchito yake ndi tsiku limene anaimaliza. Nayenso wogula afunse kuti, "Anasema ndani?" Funso laling'ono limeneli ndi limene lidzachititse kuti wopereka luso asaleke kupereka.