Mbiri ya Bwalo la Ndege la Chileka

M'boma la Neno mulibe bwalo lalikulu la ndege. Munthu wakumeneko akafuna kukwera ndege amatsika mapiri, n'kuoloka Shire pa Zalewa, mpaka kukafika ku Chileka, mtunda wa makilomita 16 kuchokera mumzinda wa Blantyre. Bwaloli n'laling'ono, koma lasenza mbiri yaikulu ya dziko lathu.

M'nthaŵi ya atsamunda, Chileka ndiye anali khomo la Nyasaland. Pa 6 July 1958 chinamtindi cha anthu chinasonkhana pabwaloli kudzachingamira Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anabwera kudzathetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Pa 3 March 1959 atsamunda anammanga, ndipo pabwalo lomweli anamkweza ndege kunka naye kundende ya Gwelo.

Anthu wamba nawonso anali kudzera pamenepa. Amuna ambiri olembedwa ntchito ndi Wenela ankanyamukira pa Chileka kupita ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene ankapitiriza ulendo wa kumigodi ya ku Joni. Koma tsoka silinunkha. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalaŵi oposa 70 amene ankabwerera kwawo anafera pomwepo. Ngoziyi inachititsa boma kuletsa Wenela kulemba anthu ntchito m'dziko muno.

Ulemerero wa Chileka unayamba kuchepa likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'chaka cha 1975. Bwalo latsopano la Kamuzu litatsegulidwa ku Lumbadzi, ndege zikuluzikulu zinayamba kutera kumeneko. Nayo kampani ya Air Malaŵi, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964 ndipo kwawo kunali ku Blantyre, inatha m'chaka cha 2013.

Kodi bwalo lotere limayenda bwanji? Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Pansanja pamakhala akatswiri olankhula ndi oyendetsa ndege, amene amaŵauza nthaŵi yotera ndi yonyamuka. Azanyengo amapima mphepo ndi mitambo. Ozimitsa moto amakhala tcheru, pamene ena amaona ziphaso za apaulendo ndi kukhometsa msonkho wa katundu. Gulu limodzi likafooka, ntchito yonse imasokonekera. Umboni wake unaoneka mu January 2019, pamene kampani ya South African Airways inayamba yaleka kutera pa Chileka chifukwa mpanda wa bwalo unali wothyoka, ndiponso zipangizo zozimitsira moto zinali zosakwanira.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti kutchuka kwa dzulo sikuteretsa ndege lero. Wodwala wa ku Neno wofuna chithandizo kunja, wamalonda, ngakhalenso wophunzira wopita kutali, onseŵa amadalira mpanda wolimba ndi galimoto yozimitsira moto ya pa Chileka. Bwalo limene linalandira mtsogoleri ndi kutsazika atate athu opita kumigodi liyenera kusamalidwa.