Kumene Kalata Yakutumiza

Kuyambira kale, mphunzitsi wa ku Malawi kuno sasankha sukulu yake yoyamba, amachita kutumizidwa. M'masiku a mishoni, mnyamata wodziwa kuwerenga ankachoka ku Livingstonia, ku Blantyre kapena ku Nkhoma atanyamula Baibulo ndi masileti, kupita kumudzi komwe abusa anagwirizana ndi amfumu. Lero kalata imachokera kuboma, koma ulendo wake ndi womwewo. N'chifukwa chake ndikuti kukonzekera ntchito yoyamba sikuthera pa sikimu ndi pulani ya phunziro. Mbiri ya uphunzitsi ikuonetsa kuti chomwe chimaimitsa kapena kugwetsa mphunzitsi watsopano ndi mudzi womwe wamulandira.

Atsamunda anazindikira zimenezi mochedwa. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera Nyasaland mu 1924, boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo posakhalitsa linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi. Kumeneko mphunzitsi sankapita yekha. Ankatenga mkazi wake ndi ana, n'kukakhala m'nyumba za mudzi wachitsanzo. Bambo akuphunzira kaphunzitsidwe, ulimi ndi ukhondo, mayi ankaphunzira kusamala ana ndi pakhomo. Mafumu nawonso ankaitanidwa kukachita maphunziro awoawo. Akamaliza, aphunzitsiwa ankayendera masukulu a m'midzi kukalangiza anzawo, ntchito yomwe lero tikuiona mwa alangizi a m'mazoni, a PEA.

Wina anena kuti Jeanes si chitsanzo choti n'kunyadira, ndipo sakunama. Nzeruyi inachokera ku masukulu a anthu akuda a kummwera kwa America, ndipo atsamunda ambiri anaikonda chifukwa inkasunga Mwafirika pa khasu, kutali ndi maphunziro apamwamba. Cholinga chimenecho n'chokanidwa. Koma mfundo yoti mphunzitsi adziwe chitsime chomwe ana ake amamwa, chakudya chomwe adya asanabwere ndi mfumu yomwe makolo awo amaimvera sinafe ndi utsamunda, chifukwa inali yoona.

Umboni wake unaoneka mu 1994. Boma litachotsa fizi ku pulayimale, ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Analembedwa aphunzitsi pafupifupi 22,000, ambiri mwa iwo osapita ku koleji, ndipo atawaunikira masabata ochepa chabe anawapatsa choko. Mnyamata wokulira m'tauni ankapezeka pansi pa mtengo ndi ana oposa 100, alibe nyumba, malipiro akuchedwa, mtsinje utadzaza pakati pa iye ndi likulu la boma lake. Pulogalamu ya MIITEP inabwera mu 1997 kudzawaphunzitsa ali kale pantchito, ndipo IPTE yomwe inatsatira inagawa maphunziro pawiri: nthawi ina ku koleji, nthawi ina pa sukulu yeniyeni. Uku kunali kuvomereza kuti koleji ngati Kasungu TTC kapena St Joseph's ya ku Bembeke ingakupatse luso, koma singakuuze za mudzi.

Pali chitsutso china chomveka: ngati wotumiza ndi boma, kufufuza sukulu kuli ndi phindu lanji? Yankho n'lakuti munthu wopanda mwayi wosankha ndiye ayenera kufunsa kwambiri, pakuti safunsa anadya phula. Taganizani za chilankhulo chokha. Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, koma mwana wa Sitandade 1 ku Namwera amalota m'Chiyao, wa ku Misuku m'Chisukwa. Mphunzitsi wochokera ku Dedza amene wafika ataphunzirako moni ndi mawu oitanira mwana watsegula khomo lomwe satifiketi singatsegule. Ndipo tikakumbukira 1989, pamene aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo, timaona kuti andale anagwiritsa ntchito kusiyana kwa zigawo kugawa anthu. Mphunzitsi wofunitsitsa kudziwa kwa eni amalumikiza zomwe lamulo lija linang'amba.

Zofunika kufunsa sizipezeka pa intaneti. Zili m'kamwa mwa ahedi, mwa a komiti ya sukulu, mwa amayi a mother group ndi mwa mphunzitsi amene wakalamba pamalopo. Kodi nyumba ya mphunzitsi ilipo, kapena ndikachita lendi? Mjigo uli patali bwanji? Ana amajomba liti: tsiku la msika, nyengo yosoka fodya, usipa ukagwa, kapena zinamwali zikalowerera mu teremu? Mphunzitsi wodziwa kuti kalasi yake idzachepa mwezi wakutiwakuti sayika mutu wovuta sabata imeneyo, ndipo sakwapula ndi mawu mwana amene wagona panyanja. Amayamba wapita kwa amfumu, atavula chipewa, kukapempha kuti nkhani ya kujombayo ikakambidwe pabwalo makolo onse alipo.